Mwana Akati Akufuna Kusewera M'mafilimu: Mafunso ndi Mayankho kwa Makolo ndi Achinyamata a ku Mulanje ndi Thyolo

Ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mulanje kwa zaka zambiri ndithu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimakumana nawo kawirikawiri. Ena ndi a ana asukulu eni ake, ena ndi a makolo amene amandiimitsa pa Chitakale ndikamagula ndiwo, ndipo ena ndi a amalume amene amabwera kusukulu kudzamva ngati mwana wa mlongo wawo sakulowerera. Ndayankha monga momwe ndimayankhira pamaso.

Mwana wanga akuti akufuna kudzakhala wosewera m'mafilimu. Kodi njira yake imayambira pati?

Imayambira kutali kwambiri ndi kamera. Ana onse amene ndawaona akuchita bwino anayambira pakhomo, potsanzira anthu. Wina amatsanzira mayendedwe a anganga ake akamachokera kudimba, wina kaitanidwe ka kondakitala wa minibasi ya ku Muloza, wina ukali wa kapitawo wa ku esiteti akamayeza tiyi pa sikelo. Akuluakulu amaseka n'kunena kuti mwanayu ndi wamasewera, osadziwa kuti akuona chiyambi cha ntchito. Mwana wotere amakhala ndi diso komanso khutu: amaona momwe munthu wamanyazi amagwirira chitenje pakamwa, amamva momwe mawu a munthu wonama amakwerera kumapeto.

Kuchoka pakhomo, ambiri amakalowera kutchalitchi. Sewero la Khirisimasi laphunzitsa ana ochuluka kuima pamaso pa gulu kuposa sukulu ina iliyonse m'dziko muno. Amene anapatsidwa mbali ya Herode ali mu Sitandade 5 n'kuopseza mpingo wonse, ameneyo mumuyang'anitsitse. Kenako pamabwera masewero a kupulayimale, aja a tsiku lotsekera sukulu kapena a pamsonkhano wa zaumoyo, ndipo akafika kusekondale amapeza kalabu ya zisudzo ndi mipikisano monga wa ATEM, womwe masewero ake amakhala a m'Chingerezi, komanso Nasfest. Malemu Du Chisiza Jr anayamba kudziwika pa mpikisano wa sukulu wa ATEM asanakhazikitse gulu lake la Wakhumbata. Choncho mwana amene akuvutika kuloweza mawu ake kuseri kwa holo ya sukulu ali pa njira yomwe akatswiri anadutsamo.

Tingadziwe bwanji kuti ndi luso lenileni, osati kungokonda kuseketsa anzake?

Kuseketsa ndi mphatso, sindikupeputsa. Izeki ndi Jakobo anatisangalatsa zaka zambiri, ndipo aliyense amene anawaonera akudziwa kuti nthabwala zawo zinali ndi mutu. Koma ine ndikafuna kuyesa mwana ndimamupatsa mbali yopanda mawu. Ndimamuuza kuti akhale pampando ngati mayi amene akumvetsera mwana wake akuweruzidwa pabwalo la amfumu. Wongofuna kuonekera amayamba kugwedezeka, kupukusa mutu mopyola, kufuna kuti anthu amuyang'ane iyeyo. Waluso amangomvetsera, ndipo nkhope yake imasintha yokha ndi zimene zikunenedwa. Chinanso ndimaona ngati abwera tsiku lachitatu la kuyeserera, pamene chisangalalo chatha ndipo tikungobwereza chiganizo chimodzi kakhumi.

Iye ndi katswiri kale pa siteji. Ndiye kuti pa kamera savutika?

Avutika, mwinanso kuposa amene sanakwerepo pa siteji. Apa ndi pamene ana athu ambiri amagwera, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri yathu. Wailesi yakanema ya dziko lino, TVM, inayamba mu 1999. Zaka zonse za m'mbuyomo zisudzo zathu zinali za pa siteji ndi za pa wailesi ya MBC. Kaseweredwe kamene tinalandira kwa akuluakulu athu n'koyenera holo yopanda maikolofoni, momwe mawu ayenera kukafika kwa munthu wa ku benchi yomaliza ndipo mkono uyenera kutambasuka kuti wakutali aone kuti wakwiya.

Kamera ili ngati munthu amene wakhala nawe pamphasa imodzi. Ikayandikira nkhope, ngakhale kuphethira kumaoneka. Mwana akalira mofuula monga amachitira pa siteji, pa kanema zimaoneka zabodza, oonera n'kuyamba kuseka pamene anayenera kumva chisoni. Ndiye ntchito yoyamba ndi kuchepetsa: mawu atsike, manja akhale pansi, maganizo aonekere m'maso.

Palinso zina zimene pa siteji kulibe. Filimu sajambula motsatira nkhani. Akhoza kuyamba ndi maliro a kumapeto Lolemba m'mawa, ukwati wa koyambirira n'kudzajambula Lachisanu, malingana ndi malo komanso nyengo. Wosewera ayenera kudziwa pamene mtima wa mtengambali wake wafika pa chigawo chilichonse, ngakhale zam'mbuyo sanazisewerebe. Chigawo chimodzi amachibwereza kangapo, kamera ili kutsogolo, kenako pambali, kenako pafupi, ndipo ngati ananyamula kapu ndi dzanja lamanja koyamba, ayenera kuinyamula ndi lamanja lomwelo ulendo uliwonse, pa liwu lomwelo, kuti wolumikiza zithunzi asavutike. Amaikiridwa chizindikiro pansi pomwe ayenera kuima, ndipo ayenera kufikapo osayang'ana kumapazi. Saloledwa kuyang'ana m'diso la kamera pokhapokha atauzidwa. Zonsezi zimaphunzirika, koma mwana amene anazolowera kuwomberedwa m'manja ayenera kudzichepetsa kaye n'kuvomera kuti akuyambiranso.

Alipo wa kwathu kuno amene anatchukapo pa kanema?

Alipo, ndipo simungamusowe. Dr Michael Usi, amene dziko lonse limamudziwa kuti Manganya chifukwa cha sewero la Tikuferanji, kwawo ndi kuno ku Mulanje. Mu Juni 2024 analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Za ndale tizisiye, chimene ndimafuna ana aone n'chakuti kwa zaka zambiri pamene ankasewera pa kanema ankagwiranso ntchito ku bungwe la ADRA, ndipo sukulu anapitiriza mpaka kupeza digiri yapamwamba ya PhD. Ana amakumbukira zovala ndi nthabwala za Manganya, koma mabuku amene anali kuseri kwake sawaona.

N'chifukwa chiyani mu filimu ya William Kamkwamba anatenga mnyamata wa ku Kenya m'malo mwa Mmalawi?

Funso ili limabwera chaka chilichonse, ndipo ana amalifunsa ndi mtima wowawa. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka mu 2019. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwenso anasewera ngati bambo ake a William, ndipo anaijambulira konkuno ku Malawi, ku Kasungu kwawo kwa mwini nkhani. Mbali ya William inapita kwa Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya, amene anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere. Amalawi tinamva tokha kuti Chichewa cha ena mwa atengambali chinali cha alendo, ndipo ambiri tinadandaula.

Kudandaulako n'komveka, inenso ndinadandaula. Koma ndikaionanso filimuyo pamodzi ndi ana, ndimawauza kuti atseke kaye makutu, ayang'ane nkhope ya mnyamatayo. Akamaganiza, umaona kuti akuganizadi. Akapsa mtima ndi bambo ake, sakuwa, koma umamva kuti m'kati mwatentha. Ameneyo ndi mwana amene anadziwa kukhala chete pamaso pa kamera, ndipo opanga filimu yaikulu amafuna chimenecho poyamba, chifukwa mpangankhani wamkulu ndiye amanyamula pafupifupi chigawo chilichonse. Chilankhulo amati tidzamuphunzitsa.

Tisaiwalenso kuti Amalawi analimo. Lily Banda anasewera ngati Annie, mchemwali wake wa William, ndipo anachita bwino kwambiri moti chaka chomwecho anaonekanso mu sewero la pa kanema la ku Britain la Deep State. Philbert Falakeza anasewera ngati Gilbert, mnzake wa William. Kwa ine phunziro lake ndi la ife aphunzitsi kuposa ana: alendo akadzabweranso kudzafuna mnyamata wa zaka 14 woti anyamule filimu yonse, kodi adzapeza ana angati amene anaimapo pamaso pa kamera n'kuwongoleredwa? Tikapitiriza kuwaphunzitsa za pa siteji zokha, adzapitanso ku Nairobi.

Nanga mafilimu a konkuno amatenga ana ndi achinyamata?

Amatenga. Fatsani, filimu ya Gift Sukez Sukali ya mu 2020, inanyamulidwa ndi mtsikana wamng'ono, Hannah Sukali, ndipo dziko lino linaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Isanafike imeneyo, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah ndiyo inali yoyamba kutumizidwa kumeneko, ndipo mu 2018 inapambana mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa pa mphoto za Africa Magic ku Nigeria. Mphoto yomweyo anali ataipata kale Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Tapiwa Gwaza analandira mphoto ya Africa Movie Academy mu 2010 chifukwa cha mbali yake mu Seasons of a Life.

Mayina amenewa ndawatchula kuti makolo adziwe kuti ntchitoyi ilipodi ndipo ili ndi ulemu wake. Koma mafilimu aakulu otere satuluka mwezi ndi mwezi. Ntchito zambiri zimene wachinyamata angapeze ndi za masewero a pa wailesi zakanema, zotsatsa malonda, mavidiyo a nyimbo, mafilimu aafupi, ndi mauthenga a mabungwe okhudza zaumoyo, ulimi kapena maukwati a ana. Pafupifupi zonsezi zimakonzedwera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ife mwayi wathu ndi wakuti Blantyre sali kutali. Wa ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena pa boma la Mulanje akhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Chingerezi chake n'chothyokathyoka, ndiponso Chichewa chake chimamveka kuti ndi wa ku Mulanje. Si vuto limenelo?

Chingerezi achilimbikire, chifukwa sikiripiti zambiri, mapepala olembedwapo sewero, zimalembedwa m'Chingerezi ngakhale pamene sewerolo lidzalankhulidwe m'Chichewa, ndipo pa malo ojambulira malangizo ambiri amaperekedwa m'Chingerezi. Koma asayese kusintha lilime kuti amveke ngati wa ku America wa m'mafilimu a ku vidiyo sho. Palibe chimene chimaononga kaseweredwe ka mwana msanga kuposa kubwereka mawu a munthu wina.

Za kalankhulidwe ka kwathu, ine ndimati ndi chuma. Ana a m'tauni amene amalankhula mofanana alipo ambiri. Amene angathe kusewera mtsikana wothyola tiyi, kapena mnyamata wonyamula katundu wa alendo kukwera ku Sapitwa, mawu ake n'kumveka kuti anakuliradi m'mphepete mwa phiri, ndi ochepa. Ngati anganga ake amalankhula Chilomwe, akhale nawo pansi aphunzireko. Ngati kumudzi kuli gulu la tchopa, alowe nawo, thupi lizolowere ng'oma. Wotsogolera filimu akafunsa kuti umatha chiyani china, kuvina, kuimba, kupalasa njinga itanyamula mikoko ya nthochi, kusenza ndowa pamutu osagwira, zonsezi zimawerengedwa.

Akuti sukulu ikumuchedwetsa. Timulole asiye?

Ayi. Pa ichi sindinyengerera, ndipo mwana amene wasiya kulowa m'kalasi ndimamuchotsa mu kalabu mpaka atabwerera. Wosewera amadya ndi kuwerenga: sikiripiti, mgwirizano, mauthenga a ntchito. Komanso ngati akufuna kukaphunzira zisudzo ku University of Malawi ku Zomba, komwe kale tinkati ku Chancellor College, ayenera kukhoza bwino MSCE, ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. MultiChoice Talent Factory, yomwe ili ndi sukulu ku Lusaka ndipo yakhala ikutenga achinyamata a ku Malawi kukaphunzira, imaphunzitsa makamaka kapangidwe ka mafilimu, ndipo nayonso imafuna anthu amene anapita kusukulu.

Kodi audition, kuyesedwa kwa ofuna mbali mu filimu, imayenda bwanji?

Opanga filimu amalengeza kuti akufuna anthu a msinkhu wakuti, nthawi zambiri pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a anthu azisudzo. Patsikulo mumalembetsa dzina, mumapatsidwa nambala, n'kudikira, nthawi zina tsiku lonse. Mukalowa mumaima pamaso pa kamera, mumanena dzina, zaka ndi kumene mukuchokera, kenako mumawerenga kachigawo kamene akupatsani kapena kusewera kanthu kamene mwakonzekera. Zonse zikhoza kutha m'mphindi zitatu.

Chimene ana sadziwa n'chakuti akamaliza, wotsogolera amakonda kunena kuti bwerezanso, koma ulendo uno usakwiye, uchite ngati ukubisa mantha. Sikuti walakwitsa. Akufuna kuona ngati umamva malangizo n'kusintha. Mwana amene amabwereza chimodzimodzi monga analowezera kunyumba amagwa pamenepo, ngakhale ulendo woyamba anachita bwino. Masiku ano ena amangopempha kuti mudzijambule pa foni n'kutumiza, zomwe zatipeputsira ife akutali nkhani ya thiransipoti. Avale zooneka bwino koma wamba, asadzole zambiri kumaso, ndipo afike nthawi isanakwane.

Atiuza kuti titumize ndalama pa foni kuti mwana alembedwe. Titumize?

Musatumize. Wofuna osewera ndiye amalipira osewera. Maphunziro olipira alipo, koma amakhala ndi malo odziwika, mphunzitsi wodziwika, ndipo salonjeza kuti mukalipira mulowa mu filimu. Munthu amene akukufulumizitsani kuti malo atsala awiri okha, tumizani lero pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba. Mufunseni dzina la kampani ndi ntchito zimene anapangapo, ndipo mufufuze kwa anthu a bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi kapena kwa aphunzitsi a zisudzo amene mumawadziwa.

Wanga ndi mtsikana. Ndikuopa kuti akamuononga. Ndikulakwitsa?

Simukulakwitsa, mayi, ndipo mantha amenewo musawataye, koma asakhale chifukwa chomutsekera m'nyumba. Akhale chifukwa chomuperekeza. Mwana wosakwana zaka 18 asapite yekha ku audition kapena kokajambula. Apite ndi mayi ake, azakhali, mchemwali wamkulu kapena matironi wa kusukulu, ndipo wamkuluyo akhale pamalo pomwe akumuona. Audition ya kuchipinda cha malo ogona alendo, ya usiku, kapena yoti bwera wekha tikambirane, si audition. Wopempha zithunzi za thupi pa foni ndi wofunika kukamunenera kupolisi. Anyamata nawonso amafunika chitetezo chomwechi, tisamangoganiza za atsikana.

Pali choopsa china chimene sindinkachidziwa mpaka chitandigwera. Chaka china kunabwera anthu ndi makamera, akuti akupanga kanema wophunzitsa achinyamata. Ndinawapatsa ana anga asanu, tinajambula masiku atatu cha ku Likhubula, ndipo ine sindinafunse kalikonse kolembedwa chifukwa ankaoneka aulemu. Mtsikana mmodzi anasewera ngati mwana wasukulu amene watenga mimba. Patatha miyezi, chithunzi chake, ali ndi mimba ya nsanza ija, chinapezeka pa mapepala omata m'makoma, popanda liwu lonena kuti ndi sewero. Kumudzi kwawo anthu anakhulupirira. Mwanayo analira masabata, ndipo bambo ake anabwera kusukulu kudzandifunsa funso limene ndinalibe yankho lake. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndine amene makolo anandikhulupirira. Kuyambira pamenepo sindilola mwana kujambulidwa ndisanaone pepala lonena kumene zithunzizo zikagwiritsidwe ntchito.

Malamulo amati chiyani pa mwana wogwira ntchito yotere?

Malamulo aakulu a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kwa a zaka 14 mpaka 18 limaletsa ntchito yoika moyo, thanzi kapena khalidwe lawo pachiswe, kapena yosokoneza sukulu. Choncho kholo lili ndi poimira likakana kuti mwana ajombe m'kalasi kapena agone kunja chifukwa cha filimu.

Mgwirizano usainidwe ndi kholo kapena womulera, osati mwana yekha. Kuno kwathu kumene amalume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo, ndi bwino nawonso adziwe nkhaniyo isanafike patali, kuti pasadzakhale kukokanakokana mwana atayamba kale ntchito. Pepalalo linene masiku ndi maola ojambula, ndalama ndi tsiku lolipira, amene alipire thiransipoti ndi chakudya, zimene mwana adzachite ndi zimene sadzachita, komanso kumene kanemayo akaonetsedwe ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati lalembedwa m'Chingerezi chovuta, musachite manyazi kupita nalo kwa aphunzitsi kuti akumasulireni musanasaine. Kope imodzi itsale kwa inu.

Tinene zoona: muli ndalama?

Zochepa, ndipo sizibwera mwezi uliwonse. Woyamba kumene kawirikawiri amangopatsidwa ya thiransipoti ndi chakudya, mwina ndi kangachepe pamwamba. Zotsatsa malonda ndi ntchito za mabungwe zimalipirako bwino kuposa mafilimu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: malo oonetsera mafilimu olipiritsa pakhomo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo filimu ikangotuluka imayamba kukopedwa m'mamemori khadi pa msika uliwonse, mwini wake osalandirapo kanthu. Bungwe la COSOMA lilipo loteteza umwini wa ntchito zaluso, koma kubaku sikunathe. Wopanga filimu akapanda kubweza ndalama zake, wosewera ndiye amayamba kumva kuwawa.

N'chifukwa chake ambiri mwa anthu amene timawatama ali ndi ntchito ina. Shemu Joyah amene ndamutchula uja ntchito yake ina ndi yoyeza malo. Mwana aphunzire kanthu kena kodyera, ndipo ngati n'kotheka kakhale kapafupi ndi luso lakeli: kugwira kamera, kujambula mawu, kulumikiza zithunzi pa kompyuta, kulemba sikiripiti, kuulutsa mawu pa wailesi. Wodziwa kulumikiza zithunzi sasowa ganyu ya maukwati ndi zinkhoswe, ndipo amakhala pafupi ndi anthu amene mawa adzafune wosewera.

Ali ndi anthu ambiri omutsatira pa TikTok. Kodi sanafike kale?

Wafika penapake, ndipo sindikunyoza. Foni yatsegula khomo limene ife tili ana kunalibe: mwana wa ku Thekerani akhoza kuonedwa ndi wotsogolera mafilimu wa ku Lilongwe popanda kukwera basi. Koma kavidiyo ka mphindi imodzi kamene wadzilembera wekha, n'kudzijambula wekha, n'kusankha wekha kabwino, n'kosiyana ndi kusewera mawu a munthu wina, pansi pa ulamuliro wa munthu wina, tsiku lonse. Ambiri otchuka pa foni ali ndi mtengambali mmodzi yekha, yemweyo tsiku lililonse. Ndimawalimbikitsa kuti pakati pa zoseketsazo aziikapo tizigawo tina tosonyeza kuti amathanso kukhala munthu wina. Ndipo akumbukire kuti zimene waika pa intaneti sizifufutika. Kavidiyo kotukwana kapena konyoza munthu wolumala kamene kakubweretsera omutsatira lero kakhoza kudzamutsekera ntchito ya bungwe zaka zisanu zikubwerazi.

Akapatsidwa mbali ya mfiti, wakuba kapena woyendayenda, anthu kumudzi sadzamuona choncho?

Ena adzatero, makamaka poyamba. Anthu athu amakonda kuitana wosewera ndi dzina la m'sewero, ndipo pali ena amene sasiyanitsa bwino munthu ndi mbali yake. Kwa wamkulu zimenezi amazipirira, mwinanso kuzinyadira, chifukwa zimasonyeza kuti anasewera mogwira mtima. Kwa mwana ndi katundu wolemera. Ndiye musanavomere, werengani sikiripiti yonse, osati chigawo chake chokha, mukambirane naye, ndipo muganizire za kusukulu ndi kutchalitchi kumene adzapite kanemayo atatuluka. Mbali ya munthu woipa si yoipa payokha, ndipo nthawi zambiri ndi imene imaphunzitsa wosewera zambiri. Koma mwana ali ndi ufulu wokana, ndipo akakana musamukakamize chifukwa cha ndalama.

Wapita ku audition katatu osatengedwa, ndipo wakhumudwa. Timuuze chiyani?

Mumuuze kuti nthawi zambiri chifukwa chake si luso. Mwina ndi wamtali kuposa amene asewere ngati bambo ake. Mwina sakufanana ndi amene atengedwa kale kukhala mchemwali wake. Anyamata a zaka 13 mpaka 16 ali ndi vuto lawolawo: mawu amasintha, msinkhu umakwera mwadzidzidzi, moti sakuonekanso mwana koma sanafike pooneka bambo, ndipo mbali za msinkhu umenewo ndi zochepa. Amene ankakondedwa ali wamng'ono chifukwa cha nkhope yokongola amadabwa kuona kuti foni yasiya kulira. Nthawi imeneyo ndi yabwino kubwerera ku siteji ya kusukulu ndi kukaphunzira ntchito za kuseri kwa kamera. Muonenso ngati kukhumudwako kukupitirira mpaka kusadya kapena kudzipatula, chifukwa pamenepo nkhani si ya filimunso, akufunika munthu wamkulu womumvetsera.

Tili ndi foni imodzi yokha ndipo ku Blantyre sitingapiteko pafupipafupi. Tingayambe ndi chiyani holide ino?

Foni imodziyo ikukwana. Asonkhane atatu kapena anayi, alembe nkhani ya masamba awiri yochitikira malo amodzi, ya anthu awiri amene akufuna zinthu zosiyana: mwana akupempha fizi kwa amalume amene chinanazi chawo sichinagulidwe, kapena mtsikana akubisira mng'ono wake kuti akupita ku Joni. Pasakhale mfuti, pasakhale galimoto zothamangitsana. Foni aigoneke chopingasa, aitsamiritse pa mpando kapena pa njerwa kuti isagwedezeke, ndipo ajambule chigawocho katatu: onse awiri pamodzi, kenako nkhope ya woyamba, kenako ya wachiwiri.

Asamale mawu kuposa chithunzi, chifukwa oonera amapirira chithunzi chosawala koma mawu osamveka amawathawa. Atalikirane ndi chigayo, msewu ndi mtsinje, ndipo mphepo ikamawomba alowe kuseri kwa nyumba. Ngati angabwereke foni yachiwiri, aibise pafupi ndi olankhulawo kuti izijambula mawu okha. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso, choncho ajambule m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kukuchokera kumbuyo kwa wogwira foni. Tsiku la chiperoni, lija timadandaula kuti zovala siziuma, ndi labwino kwambiri pojambula nkhope, chifukwa mitambo imafewetsa kuwala.

Akamaliza aonere pamodzi, kawiri. Ulendo woyamba adzangoseka ndi kubisa nkhope, zimenezo n'zachibadwa. Ulendo wachiwiri azimitse mawu, aone ngati nkhaniyo ikumveka ndi maso okha, ndipo aliyense anene malo amodzi pamene sanakhulupirire mnzake. Mawa lake akajambulenso chigawo chomwecho. Kamene katuluke bwino akasunge pamodzi ndi zithunzi ziwiri za mwanayo, china cha nkhope, china cha thupi lonse ataima, kuti tsiku limene adzamve kuti kwinakwake akufuna mtsikana kapena mnyamata wa msinkhu wake adzakhale ndi chotumiza madzulo omwewo.